Mpira wa makoleji aku America: mumasankha bwanji gemu yobetcha? Ine ndatopa kudyedwa

MwanaWaNtcheu_SB
Mwaswera bwanji nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumabetcha mpira wa makoleji, uja wa zipewa zolimba osati wathu wa mapazi. Ndakhala ku South Bend, Indiana kuno zaka zinayi, tsiku la gemu ya Notre Dame, yunivesite ya konkuno, misewu imachita kudzadza osayendeka, kuntchito nkhani imakhala yomweyo sabata yonse, ndiye nanenso ndinayamba kuyikapo kangachepe. Koma masabata asanu otsatizana tikiti ikungopsa. Ndimasankha matimu akuluakulu okhaokha, Ohio State, Georgia, Alabama, ndipo amawina ndithu, koma ukatsegula app ikuti waluza. Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kuponya foni musinki. Inu mumayang'ana chani musanabetche? Osandiseka chonde.

Ankolo_Chikwanje
Kkkkk wati osakuseka koma ndaseka kale. Timu yawina iwe waluza? Ukubetcha spread usakudziwa kuti spread ndi chani mphwanga.

MwanaWaNtcheu_SB
Ndimadziwa pang'ono ankolo, si ka minus kaja kamakhala pambali pa dzina la timu?

Kauniuni77
Ka minus kameneko ndi ngongole imene timu yamphamvu imalowa nayo mugrawundi. Akalemba Georgia -24.5 ndiye kuti Georgia iwine ndi mapointi 25 kapena kuposa, ikawina 38-17 mafani awo akuvina koma iwe ndalama yapita chifukwa kusiyana ndi 21 yokha. Ndipo zimachitika kwambiri ku makoleji chifukwa kochi akaona kuti gemu waigwira kale amatulutsa anyamata ake odalirika mu kota yomaliza, nkulowetsa ana apabenchi kuti alaweko, katimu kofooka kaja nkugoletsa touchdown kutatsala miniti imodzi. Touchdown yopanda ntchito kwa wina aliyense kupatula iwe. Azungu amati backdoor cover, yalowera khomo la kuseri.

China chimene anthu sawerengera ndi -110 ija. Umayika $110 kuti udye $100. Ukapanga masamu, pa mabeti 100 ukuyenera kuwina pafupifupi 53 kuti ungotsala pomwe unali, chenicheni ndi 52.4%. Theka ndi theka ndiye kuti ukuluza pang'onopang'ono osazindikira.

Ndiye funso la amene awine usamadzifunse nkomwe, limenelo ngakhale mwana akhoza kuyankha. Kumsika wa mbuzi aliyense amaiona mbuzi yonenepa, mkangano umakhala pa mtengo. Ohio State ndi mbuzi yonenepa, iwe wakhala ukugula osanenelera.

NaPhiri_Mishawaka
Achimwene a Ntcheu mukanandifunsa ine za matimu akuluakulu. Pa 7 September 2024 ndinali ndi ka ganyu koimika magalimoto pa kapinga wa mayi wina pafupi ndi stadium, ndanyamula chikatoni cholemba PARKING dzuwa likundiotcha. Notre Dame imasewera ndi Northern Illinois, layini, spread ija, inali cha m'ma -28 kwa Notre Dame. Bambo wina wovala zobiriwira kuyambira chipewa mpaka sokosi anandiuza kuti gemu itha pa halftime asamutsekereze galimoto atuluka msanga. Ine nkumva zimenezo ndinatenga $60 ya ganyu yomweyo nkuyika pa Notre Dame. Inatha 16-14, Northern Illinois yawina, kick yomaliza ya Notre Dame anachita kuitchinga. Anthu amatuluka ali ziii ngati akuchokera kumanda, bambo uja anakhala mugalimoto mphindi zambirimbiri osaliza injini. Ine tsiku lonse ndapsa ndi dzuwa ulele.

Kauniuni77
Asisi gemu imeneyo ndi sukulu payokha. Sabata imodzi gemuyi isanachitike Notre Dame inali itangowina ku Texas A&M 23-13, gemu yaikulu ya usiku pa TV, ana a zaka 19, 20 sabata yonse akuuzidwa kuti ndi akatswiri, kenako akumane ndi katimu ka MAC, ligi ya matimu ang'onoang'ono, kamene sukulu yawo yachita kukalipira kuti kabwere. Mutu sumakhalapo. Ndiye onani sabata yotsatira, anthu atapsa mtima nkuithawa Notre Dame, inakakwapula Purdue 66-7, ndipo season yomweyo inafika mpaka fainolo nkukaluza kwa Ohio State 34-23. Nchifukwa chake ndisanayang'ane china chilichonse ndimaona kaye kuti timuyi yachokera kuti ndipo sabata yamawa ikukumana ndi ndani.

Bwande_265
Aaa koma musanamize mwanayu kuti akuluakulu samakwanitsa spread. Chaka chomwecho Tennessee inamenya Kent State 71-0. Ukanatenga ka underdog, katimu kofookako, tsiku limenelo bwenzi ukulira kota yoyamba isanathe.

Kauniuni77
Sindinati tengani underdog nthawi zonse aise. Ndati onani mtengo. Kent State ija season yonse sinawineko gemu olo imodzi.

Zomba_Boy_LL
Ine ndili ku Lilongwe kuno, mpira umenewu sindiumvetsa bwinobwino, amangogundana nkuima, kugundana nkuima, koma ndimaubetcha Loweruka usiku Premier League ikatha poti magemu oyamba amayamba 6 koloko madzulo nthawi yakuno, ena 9:30, ena mpaka 1:30 mbandakucha. Ndimangoona timu imene ili ndi nambala ya ranking pambali nkuiphatikiza pa multibet. Nthawi zina zimatheka kkk

Ankolo_Chikwanje
"Nthawi zina" wanenayo ndi imene inamangira eni juga nyumba zosanja. Bola uzingopanga kandege tidziwe kuti zamasamu unazisiya.

Zomba_Boy_LL
Kandege kanandidya ya lendi mu June, musakatchule ankolo

Kauniuni77
Ranking ija amavota ndi atolankhani, ina makochi, si masamu. October 2024 Alabama ili nambala 1 inakaluza kwa Vanderbilt 40-35. Komanso nthawi zina mupeza timu ya ranking ili underdog kwa timu yopanda nambala, pamenepo anthu amathamangira ya nambalayo poganiza kuti a layini alakwitsa. Kawirikawiri salakwitsa.

Poti wafunsa mmene ndimachitira, ndifotokoze sabata yanga, atope atope.

Lamulungu masana malayini oyamba a sabata amatuluka. Ine ndisanawaone ndimalemba kaye nambala yanga pa gemu iliyonse imene ndikuitsatira. Ndimayambira pa SP+ ya Bill Connelly wa ESPN, imapereka nambala kwa timu iliyonse, ukachotsera ziwirizo nkuwonjezera mapointi awiri kapena atatu kwa amene ali pakwawo umapeza layini yako. Kenako ndimafananiza. Tikasiyana ndi pointi imodzi ndimadutsa. Tikasiyana ndi 4 kapena 5 sindithamangira kubetcha, ndimafufuza chifukwa chake, poti nthawi zambiri pamakhala nkhani imene kompyuta sikuidziwa, mwina quarterback, woponya mpira uja, wavulala.

Ndipo sinditsatira matimu onse. Matimu a FBS, gawo lapamwamba la makoleji, ndi opitilira 130, NFL, ligi ya akatswiri, ndi 32 yokha, munthu wogwira ma double shift ngati ine sangawadziwe onse. Ndinasankha MAC basi, Toledo, Bowling Green, Ball State, Western Michigan ya pa Kalamazoo pomwepa ndi anzawo. Gemu ya Michigan ndi Ohio State dziko lonse laiunika mpaka mtundu wa nsapato, palibe chimene ine ndingadziwe choposa opanga malayini a ku Las Vegas. Koma Akron ndi Buffalo Lachiwiri usiku mu November, mustadium muli anthu owerengeka atafunda mabulangete, pamenepo munthu amene wawerenga kanyuzi ka mtawuni yawo akhoza kudziwa kanthu ena asanadziwe.

Lachitatu mpaka Lachisanu ndi za ovulala. Ligi ya Big Ten inayamba mu 2023 kutulutsa lipoti la amene asewere kutatsala maola awiri kuti gemu iyambe, ligi ya SEC inayamba 2024 ndipo yawo imayamba kutuluka Lachitatu. Kwina makochi amabisa ngati nkhani ya chinamwali, umachita kumvera atolankhani amene amapita ku training. Ndipo musamangoona quarterback, onaninso zimphona zisanu zakutsogolo zomutchinga zija, zikavulala ziwiri ngakhale quarterback akhale dolo amangogwetsedwa.

Pamapeto pake pa magemu onse a sabata ndimatsala ndi awiri kapena atatu. Masabata ena ziro.

Mjomba_Dallas
Zonsezi ndawerenga koma ndikutsutsa pa SP+. Chinthu chimene chili pa ESPN aliyense akuchiona, opanga malayini nawonso anachiona kale ndipo ali ndi makompyuta oposa pamenepo. Ndiye phindu lako lili pati? Ine ndimakhulupilira maso. Ndimaonera gemu yonse osati ma highlights. Timu ikhoza kuwina 31-10 koma ukaonetsetsa anzawo anataya mpira kanayi, kawiri pafupi ndi golo. Zimenezo ndi mwayi, sizibwereza sabata iliyonse. Sabata yotsatira anthu amakwera pa timu ya 31-10 ija, ine ndimapita mbali inayo.

Kauniuni77
Mjomba apa sitikutsutsana kwenikweni. SP+ si yondipatsa phindu, ndi yonditeteza kuti mtima usandinamize. Za ma turnover mukunena zoona, nanenso ndimaona mayadi pa play iliyonse kuposa score. Koma maso nawonso amanama, munthu umakumbukira play imodzi yokongola nkuiwala ma punt asanu ndi awiri, pamene timu inalephera kupita patsogolo nkukankhira anzawo mpira.

Mjomba_Dallas
Komanso kuno ku Texas kubetcha masewera sikololedwa, ndiye ine zanga ndi zapakamwa ndi anzanga, woluza amagula nyama ya braai. Mwina nchifukwa chake maso amandikwanira kkkk

Bwande_265
Eee malamulo amasiyana state ndi state. Khoti lalikulu la America litachotsa chiletso cha kubetcha masewera mu 2018 aliyense anapanga zake, Indiana inatsegula 2019 ndipo ukhale ndi zaka 21. Ku New Jersey ndi New York sungabetche pa timu ya koleji ya mu state momwemo. Ine nditapita kukaona mlamu ku Newark ndinadabwa gemu ya Rutgers osaoneka pa app, ndimayesa foni yafa.

MayiWaAwiri
Ine ndingofunsa, ndalama mukutayazi kumudzi anthu alipira kale fizi? Feteleza mwagula? Juga ndi juga olo muiveke suti ya masamu. Munabwera kuno kudzagwira ntchito.

Ankolo_Chikwanje
Amayi afika, bisani mafoni

NaPhiri_Mishawaka
Asisi musatiweruze tonse, ena ndi $10 ya chisangalalo ngati mmene ena amagulira wigi ya $300 osafunsidwa za feteleza

MayiWaAwiri
Wigi ndimaiona pagalasi mmawa uliwonse, $60 yanu ija ili kuti?

Chete_Chete
Ine sindilemba kawirikawiri pano koma mayiwa musawaseke. Zaka zitatu zapitazo ndinkadziwa zonse akunena a Kauniunizi, SP+, mphepo, ovulala, ndinali ndi kope lodzadza manambala. Chimene chinandigwetsa si kusadziwa. Loweruka limayamba 12 koloko masana, ukaluza umati ndibweza pa ya 3:30, ukaluza umawonjezera pa ya usiku, ikafika 11 usiku kwatsala gemu ya Hawaii yokha, matimu oti sukudziwa olo dzina la wosewera mmodzi, ukuyikapo ndalama yoposa magemu onse amene unawafufuza sabata yathunthu. Tsiku lina ndili pa night shift ndinadzitsekera mu laundry room, makina akuzungulira ine maso pa foni, belu la agogo ena likulira ine osalimva mpaka mnzanga anachita kudzagogoda. Mwezi umenewo ndalama ya mayi anga ya mankhwala ndinatumiza mochedwa ndi masabata awiri, ndinawanamiza kuti kuntchito achedwetsa malipiro. Ndinadziletsa ndekha pa ma app onse, pali poti umadina kuti asakulolenso. Panopa ndimangoonera ndipo mpira umakoma bwino. Amene mukupitiliza, ikani malire a deposit lero mutu uli bwino, osadikira Loweruka usiku.

Kauniuni77
Respect akulu, zimenezi ndi zoona ndipo gemu ya Hawaii ija yagwetsa ambiri. Ine mpamba wa season ndimaupatula mu August, beti iliyonse ndi 2% ya mpambawo, kaya ndikuikhulupilira bwanji. Ukatha watha, tionana chaka chamawa. Ndipo ndinene poyera, season yatha ndinabetcha magemu 41, ndinawina 22, phindu lake silinakwane olo matayala awiri. Amene akuti amadya sabata iliyonse akuonetseni kope.

MwanaWaNtcheu_SB
A Chete zikomo pofotokoza, zandilowa. Ine sindinafike pamenepo koma za ya 3:30 zija ndazizindikira.

Zomba_Boy_LL
Koma inu a ku America mpaka masamu chonchi? Ife derby ya Bullets ndi Noma timangoona kuti ndani walowera pageti ndani wadumpha mpanda kuthawa juju, basi beti yatha kkkkk

Bwande_265
Maule sadumpha mpanda, amenewo ndi anthu a ku Lali Lubani

Ankolo_Chikwanje
Iwe Bwande usayambe, Nyerere tilipo pano. Paja derby imangotha draw, ikanakhala ndi spread bwenzi tonse tili olemera

NaPhiri_Mishawaka
Poti mwasokoneza kale, alipo akubwera kuchokera kumudzi mwezi uno? Ndikufuna ufa woyera ndi usipa, wa mushopu uno nsima yake imangokhala ngati phala la mwana

MwanaWaNtcheu_SB
Anthuni ulusi wanga mwausandutsa msika. Tibwerere, nanga za over ndi under zija? Mwina kumeneko nkosavuta poti susankha timu

MphepoYaKuMpoto
Kumeneko ndiye kwanga. Umabetcha ngati mapointi a matimu onse awiri apitilire (over) kapena achepere (under) total imene a layini alemba, ine ndine wa under ndipo sindichita manyazi. Anthu ambiri amakonda over chifukwa palibe amafuna kukhala maola atatu akupemphelera kuti pasachitike kanthu, ndiye ine ndimakhala mbali yosasangalatsayo. Choyamba ndimaona mphepo. Osati mvula, osati snow, snow imaoneka yoopsa pa TV koma oteteza nawonso amaterereka ndiye mapointi amabwera ndithu. Mphepo ikapitilira 15 mph mpira woponya umasochera, ma field goal amaphonya, matimu amayamba kuthamanga nawo pansi ndipo wotchi imangodya. Inu a ku South Bend mukuidziwa mphepo yochokera ku Lake Michigan mu November, imalowa mpaka m'mafupa. Ku Laramie kwa Wyoming nakonso, stadium ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200, alendo amapuma ngati akwera Sapitwa.

Chachiwiri liwiro la timu. Ena amathamanga osapanga huddle, kuunjikana kokambirana kuja, ena ngati Army ndi Navy amangogwira mpira pansi drive imodzi kudya mphindi 8. Kuyambira 2023 wotchi siimanso pa first down, timu ikakwanitsa mayadi 10 ofunika, kupatula mphindi ziwiri zomaliza za half, ndiye ma play anachepako.

Iowa ya 2023 inali mpingo wanga. Anawina Northwestern 10-7, anawina Nebraska 13-10, analuza kwa Minnesota 12-10, munthu wotchuka pa timu yonse anali punter wa ku Australia, Tory Taylor. A layini amatsitsa total mpaka pansi pa 30, chinthu chosaoneka ku makoleji, koma under imalowabe.

Mjomba_Dallas
Mpaka tsiku limene gemu yapita overtime. Ku koleji amayambira pa yadi 25, mapointi onse amawerengedwa, under yako ya maola atatu imafa mu mphindi zisanu

MphepoYaKuMpoto
Musandikumbutse mjomba. Army ndi Navy 2022, under inali italowa zaka ndi zaka zotsatizana, inapita double overtime nkutha 20-17. Ndinazimitsa TV nkupita kokagona 7 koloko ngati nkhuku.

Bwande_265
China chimene simunanene, musamakhale ndi app imodzi. Wina akupatsa -7.5 wina -6.5, ukaona ngati nzofanana koma touchdown ndi kick yake ndi 7, field goal ndi 3, magemu ambiri amathera pa manambala amenewo. Ka theka kameneko kanandipulumutsa kangapo. Ngati mmene timayendera mabenchi atatu a tomato tisanagule.

Kauniuni77
Bwande walasa. Ndipo lembani layini imene munatenga ndi imene inatsekera gemu ikuyamba. Mukatenga +7 Lolemba nkutsekera +4, munagula bwino olo muluze tsiku limenelo. Mukamapezeka kuti nthawi zonse layini ikuthawira mbali ina, kafukufuku wanu ali ndi vuto olo mukuwina.

Ndichenjezenso za December poti yayandikira. Magemu a bowl, otsekera season aja, ndi nyama ina. Osewera abwino amakana kusewera posunga thupi kudikira kusankhidwa ndi matimu a NFL (draft), ena akusamukira ku sukulu zina (transfer portal), kochi wapeza ntchito kwina. Florida State 2023 inawina magemu 13 osaluza, anaisiya kunja kwa playoff quarterback wawo Jordan Travis atathyoka mwendo, anyamata ambiri anakana kusewera Orange Bowl, Georgia inawamenya 63-3. Amene anangoona 13-0 nkutenga mapointi analira. Nthawi imeneyo funso limakhala loti ndani akufuna kukhalapo, manambala a season amakhala a timu imene kulibenso.

NaPhiri_Mishawaka
Nanga anyamata a pa Instagram ogulitsa ma pick aja, amati lock of the week? Wina amafuna $50 pamwezi

Ankolo_Chikwanje
Sing'anga wa mankhwala olemeretsa amene akuyenda wapansi. Theka la anthu amawauza timu iyi, theka linalo timu inayo, Lamulungu ali ndi ma screenshot a owina basi

MwanaWaNtcheu_SB
Chabwino ndamva. Ndagula kope ku dollar store, ndasankha MAC nanenso poti Kalamazoo ndi pafupi mwina ndikaonereko imodzi ndi maso. Masabata awiri ndizingolemba nambala yanga ndi layini osayika ndalama tione ngati ndili ndi mutu. A Kauniuni SP+ ija imatuluka tsiku lanji, ndipo mphepo mumaonera pati?

Kauniuni77
Imasinthidwa magemu a Loweruka akatha, ukaisaka Lamulungu kapena Lolemba uipeza. Mphepo ona pa weather.gov, lemba tawuni imene kuli stadium, uone ya ola limene gemu ikuyamba osati ya tsiku lonse. Ndipo Notre Dame usaibetche, ukukhala nawo pafupi kwambiri, ukamva band ikuyeserera mtima umasankha wokha.

MwanaWaNtcheu_SB
Mmm pamenepo mwachedwa, ndinali nditayika kale ka parlay (multibet) ka $5 Lachinayi, matimu 9, Notre Dame ili momo. Ikalowa ndi $1,000 yoposa

Ankolo_Chikwanje
Matimu 9. Kope lija mpatse NaPhiri alembemo oda ya usipa